Mwana wanga wayenda masana

Ndinali pakhonde ndikusenda mtedza, dzuwa lili paliwombo, pamene mlamu wanga anatulukira kumtunda akukankha njinga, thukuta lili kamukamu. Ngakhale moni sanapereke.

"Alamu, siyani mtedzawo! Mwana wanu ndamuona ku boma!"

"Ku boma, dzuwa lino? Mwaona wina. Si inu munapatsa moni chitsa tsiku lija?"

"Chitsa chimavala chipewa? Ndi iyeyo, ndi magalasi ake ofiirira aja. Ndamuona akulowa pakhomo pa asewere ake, khosi lili chilili."

Lichero linandipulumuka, mtedza mbwee, nkhuku zinadya phwando. Ndinaimba nthungululu ndekha pabwalo, mawondo owawawa ndinawaiwala. Wayenda masana mwana wanga, wayenda masana!

Wina angafunse kuti chosangalatsa n'chiyani, munthu wamkulu kuyenda padzuwa. Ndifotokoze pang'onopang'ono, monga ndimalembera, pakuti cholembera sichinazolowere dzanja langa.

Mwana wanga ameneyu ndi mayi wa ana ake, amakhala kutsidya kwa dambo, ndipo woyamba wake ndi mtsikana wofika pa banja. Mutu waching'alang'ala unamuyamba ali namwali. Umagwira mbali imodzi, kugunda ngati munsi mumtondo, nseru pamwamba pake. Koma chomuzunza kwambiri chinali kuwala. Malata atsopano a anzathu ankamulasa. Mbale zoanika pathandala zinkamulasa. Ankagulitsa manachesi kumsewu, koma magalasi a malole opita kumalire akathwanima, ankabwerako akupapasa njira. Anasiya kumsewuko.

Ifeyo tinachita zimene chikondi chimachita: tinatseka. Tinakhoma matumba a feteleza m'mawindo, pamwamba pake zitenje. Odzazonda matenda aliyense ankatsegula chitseko, kuwala n'kulowa naye, ndiye tinapachikanso bulangete. Mlongo wake woyendetsa lole anamugulira magalasi akuda bii kumalire ku Zobue. Poyamba ankavala panja. Kenako m'nyumba. Kenako ngakhale masiku amene mutu unali phee, kuopa kuudzutsa. Tinkati tikumusunga. Koma mdima ukamachuluka, maso ankanka naopa, mpaka kuwala kwa foni kunkamutulutsa misozi.

Ndiye mdzukulu wanga anapeza mnyamata wa ku boma, wokonza njinga zamoto, waulemu wake. Amayi a mnyamatayo ndi amalume ake anabwera kudzaona pakhomo. Alendo otero sungawatsekere chitseko ngati mukugawana zakuba. Tinatsegula, dzuwa linalowa mpaka pamphasa. Mwana wanga anawalandira atavala magalasi akudawo, nkhope ataloza kukhoma, moni akuyankhira pansipansi. Alendo anadya pang'ono, natsanzika msanga.

Mawu anabwera podzera kwa ankhoswe: mayi uja satifuna, munthu wofuna anthu amawayang'ana. Ankhoswe athu anayesa kufotokoza za mutuwo. Kumeneko anati mutu tonse timadwala, timamwa mapiritsi a mugolosale n'kupita kumunda. Za chinkhoswe zinangoti zii. Mdzukulu wanga anaonda ndikuona, anaonda ndikumuona ndi maso angawa.

Ndi iyeyo amene anakokera mayi ake kuchipatala, ine ndikutsatira pambuyo. Adokotala anali mayi wachikulire, wolankhula mosathamanga.

"Magalasi awa mumavulako?"

"Pogona pokha."

"Nanga m'nyumba mwanu mumawala?"

Ndinayankha ndine, monyadira: "Ngakhale kadontho, adokotala. Tinatseka bwinobwino."

"Agogo, mwagwira ntchito, koma tsopano mukamasule."

Anatiuza kuti mdima ndi wa tsiku limene mutu wagwira, pamenepo munthu agone, atseke. Koma masiku enawo maso amafuna kuwala, ukawamana amazolowera mdima, ndiye kuwala kochepa komwe kumawapweteka. Magalasi akuda anati ndi a panja dzuwa likaswa, pamodzi ndi chipewa chachikulu, osati a m'nyumba. Anatchulanso ena ofiirira, opezeka ku Blantyre, amene amachepetsa kulasako osabweretsa usiku, ngakhale anati si onse amawathandiza. Anapereka mankhwala akumwa mutu ukangoyamba, ndi ena a tsiku ndi tsiku. Anati azimwa madzi, asamadumphe chakudya, azigona nthawi yake.

Pobwerera mumtima ndinkakana. Chinthu chomulasa mwana wanga, chomwecho chikhalenso mankhwala? Ndinakavomera ndili kudimba. Mbande za tomato timazifunditsa udzu zikamamera, koma sitizisiya choncho. Timapatula udzuwo lero pang'ono, mawa pang'ono, kuti podzaziwokera dzuwa lisazidabwitse. Mbande yokulira mumthunzi imatalika, imaoneka bwino, koma ukaiika poyera imagwa tsiku lomwelo. Ndinakhala pamzere nthawi yaitali, khasu lili pambali.

Tinayamba ndi windo la kuseri, kumene dzuwa silifika. Thumba limodzi linachoka, chitenje chinatsala. Patapita masiku chitenjenso chinapindidwa theka. Ankakhala pakhonde m'mawa, kenako pansi pa mtengo wa mango, kenako anafika kumjigo. Sizinayende mowongoka ayi. Tsiku lina mutu unamugwetsa, anandikalipira ali chigonere.

"Amayi, bwezerani matumba anga! Mukufuna kundipha inu ndi adokotala anuwo?"

Ndinabwezera, pakuti linali tsiku la mdima. Utapola mutu, anachotsa yekha, osandiuza. Mlongo wake uja anabwera nawo magalasi ofiirirawo, akudandaula kuti akuda ake anyozedwa. Nyengo yozizira inatha, kunayamba kutentha, mitengo inaphuka masamba ofiira kudikira mvula.

Za ulendo wa ku boma sanauze munthu. Anati ankaopa kubwerera panjira, anthu n'kumuseka. Atafika madzulo, mapazi ali mbuu, anandifotokozera. Anagogoda, nakhala pampando, navula chipewa, navula magalasi, nayang'ana mayi a mnyamata m'maso.

"Asewere, ndabwera kudzakuyang'anani. Tsiku lija ndinalephera."

Mayiwo akuti anafunsa: "Mwayenda dzuwa lonseli chifukwa cha ife?" Anadzuka, nakoka katani theka, namupatsa madzi. "Valani tsono, tawaona masowo. Ndi omwe aja a mtengwa wathu."

Sindinganame kuti mutu unatha. Sunathe, umabwerabe, ndipo ukabwera timatseka, timayenda monyang'ama. Tsiku lotsatira ulendowo anagona tsiku lonse. Chimene chinatha n'kukhala kudikira mutu mumdima, ukubwera kapena sukubwera. Ndimaganizabe za manja athu amene anakhoma matumba aja. Anali manja achikondi, ndipo ndi omwewonso anazula misomali.

Loweruka lake pakhomo panadzaza, popanda woitana. Anabwera azakhali ake a mdzukulu wanga ochokera kwa Kanduku, atanyamula nkhuku kukhwapa. Anabwera amayi a mvano, akuimba kuyambira kudambo. Anabwera anzake ogulitsa nawo manachesi, akumuuza kuti malo ake akadalipo. Anabwera mayi wachisilamu amene timagulako sopo, ndi mtanga wa mandasi. Anabwera ankhoswe athu awiri, akukangana za tsiku la chinkhoswe. Anabwera a tsabwalo oyandikana nafe, oyang'anira bwalo la gule, ndi mkulu wina wosamva amene anavina asanadziwe nkhani. Ndipo pambuyo pa onse, akutsika pa njinga zamoto, anabwera amalume a mnyamata, mnyamata mwini wake akubisala kumbuyo mwaulemu, ndi asewere.