Dzina la Mzungu wa Chipewa

Linali Loweruka loyamba la mwezi wa Marichi, 3 koloko masana, pamene tinaimbira foni agogo anga. Kuno ku Croydon kunkagwa kamvula. Kwathu ku Thyolo inali 5 koloko, ndipo ndinkadziwa kuti tiwapeza atakhala pakhonde.

Patebulo tinalipo atatu: ine, bambo a mwana wanga, ndi mchemwali wawo, alamu anga, amene anachokera ku Romford ndi laputopu m'chikwama. Alamu anaphunzira kuyunivesite konkuno. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6, ndipo iwo akamalankhula ndimangoti "eya" ngakhale mtima ukukana.

Nkhani inali ya viza. Ine ndi mwana timakhala kuno chifukwa cha ntchito ya bambo ake yosamalira okalamba. Ntchitoyo itati ithe, tonse tiyenera kulongedza. Tsiku lina alamu akuona zithunzi m'foni mwanga anaima pa chithunzi cha malemu mayi anga, oyera khungu, atsitsi lofewa. Atandifunsa ndinawauza zimene aliyense kwathu amadziwa, kuti bambo awo a mayi anali mzungu wa ku Scotland, woyang'anira esiteti ya tiyi, amene anapita ku Australia mayi asanabadwe.

"Alamu! Nthawi yonseyi mwangokhala chete? Munthu amene agogo ake anabadwira m'dziko muno amatha kupeza viza yakeyake!"

Anafotokoza kuti ngati mzunguyo anatenga unzika ku Australia, mapepala ake boma la kumeneko linasunga, ndipo ena amapezeka pa intaneti. M'mapepalamo amalemba kumene munthu anabadwira. Chofunika linali dzina basi.

Dzina ndiye panalibe. Pa esiteti azungu sankatchulidwa mayina awo enieni. Antchito ankawapatsa mayina ena, kuti aziwanena eni ake ali pomwepo. Uyu ankangoti wa Chipewa, chifukwa sankavula chipewa ngakhale m'tchalitchi. Mayi anamwalira ndili wamng'ono. Wodziwa dzina lenileni anali agogo okha, amene anandilera. Ndinakula ndikugona nawo pamphasa imodzi, koma munthu ameneyu sindinamve akumutchula. Tsiku lina ndili mwana ndinawafunsa, ndipo anangonyamuka n'kukatsuka mbale zotsukatsuka kale. Choncho sindinganene kuti sindinkadziwa kuti nkhaniyi imawapweteka.

"Ingowafunsani bwinobwino, mayi a mwana," anatero amuna anga. "Ndi nkhani yakalekale imeneyi."

"Muyambe mwawaonetsa mwanayu," anatero alamu. "Mtima ufewe kaye."

Ndinati eya. Foni ndinaitsamiritsa pachitini cha shuga, ndipo ndinaitembenuza ndekha kuti pazioneka ine ndi mwana basi. Palibe amene anandiuza kuti nditero.

Anayankha ndi mayi aang'ono, amene amakhala ndi agogo, n'kuwapatsira. Nkhope ya agogo inadzaza foni yonse.

"Ali kuti amuna anga?" Mwana wanga wamwamunayu agogo amamutchula choncho. "Eee, taonani masayawo! Akudya chiyani ku Ulayako? Iwe, wandilanda mwamuna, undibwezere!"

Mwana anaseka n'kumenya foni ndi kadzanja. Agogo anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anafunsa, "Uli wekha?"

"Ndili ndi mwanayu," ndinatero.

Alamu anandikodola ndi chala.

"Agogo, bambo awo a mayi, dzina lawo lenileni anali ndani?"

Kuseka kunatha. Ndinkamva nkhuku zikulira kuseri kwawo, ndi wailesi ya anthu oyandikana nawo.

"Ukufuna ulitani?"

"A boma akulifuna, agogo. Popanda dzinalo atibweza, ine ndi mwanayu."

Sizinali zoona. Palibe amene anali atanena zotibweza. Mawuwo anangotuluka, ndipo anatuluka mosavuta kwa munthu amene amalephera ngakhale kufunsa njira kwa dalaivala wa basi.

Agogo anayang'ana mwanayo nthawi yaitali. Kenako analitchula, dzina loyamba ndi la bambo, momveka bwino ngati mmene mwini wake ankalitchulira. Alamu anayamba kutaipa mwakachetechete. Ine ndinkafuna kuthokoza kuti tidule, koma agogo anali asanamalize.

"Poti wakula, imva. Usamaganize kuti anali mwamuna wanga. Ine ndinali kamtsikana kosita zovala zake. Ankanditumiza kuchipinda ndi malaya, iye n'kutseka chitseko ndi kiyi. Sanandifunse. Mayi anga ndinawauza kuti..."

"Ndamupeza!" anakuwa alamu. "Ndi ameneyu, taonani!"

Agogo anasiya pomwepo.

"Ndani ameneyo?"

"Ndi alamu, agogo."

"Amuna akonso alipo?"

Amuna anga anasendera, nkhope yawo n'kulowa m'foni. "Muli bwanji agogo?" Mawu awo anali ang'onoang'ono.

Agogo anakoka nsonga ya chitenje n'kutseka pakamwa. Nkhani imene sanauzepo ngakhale ana awo anali atainena pamaso pa mkamwini ndi mlendo. Kenako foni inaonetsa malata a denga, ndipo inaduka.

Alamu anatembenuzira laputopu kwa ine. Linali pepala lachikasu, lotaipidwa ndi makina akale, lokhala ndi chidindo. Anandiwerengera: anabadwira m'katauni ka m'mphepete mwa nyanja ku Scotland, anakhalako ku Malawi, mkazi mmodzi, ana awiri. Mayi anga munalibe. Pakona panali kachithunzi. Chipewa anali atavula. Ndinayang'ana makutu ake, kenako makutu a mwana amene ndinamufungata, ndipo ndinasiya kuyang'ana.

"Pepani alamu," anatero alamu, ataona kuti tonse tili duu. "Ndinali ndikutaipa, sindinamve bwino. Amati chiyani agogo?"

Mchimwene wawo anawayankha ndi mutu kuti asiye. Alamu si munthu woipa. Anandigwira paphewa, anatsuka makapu, ndipo asanapite anafufuzanso n'kupeza kuti mzunguyo anamwalira kalekale. Ananenanso kuti loya adzafunabe umboni wina woti mayi analidi mwana wake, ndipo mwina osapezeka. Ndiye kuti mwina agogo ndinawavula pagulu pachabe.

Madzulo mayi aang'ono anatumiza uthenga wamawu. Anati agogo alowa m'nyumba osadya, ndipo anena kuti foniyo asawabweretserenso. "Iwe mwana, wawafunsiranji zimenezi mayi? Inenso ndamva zonse, ndinali pambali pomwepo." Agogo, munthu amene anandibereka kumsana popita kukathyola tiyi, amene ankathamangitsa ana onditukwana kuti mwana wa mkaladi, ndinamunamiza kawiri m'foni imodzi.

M'mawa mwake linali Lamulungu, tsiku lopita kutchalitchi ku Peckham. Ndinayamwitsa mwana, ndinamusambitsa. Ndinafika potenga nsalu yoberekera kuti ndipite naye kokaimba foni, chifukwa ndinkadziwa kuti agogo akamva kulira kwake sangakane foni. Ndinaima nayo m'manja, kenako ndinaibwezera pampando.

"Mumuveke," ndinauza bambo ake. "Ndikubwera."

Anatenga mwanayo.

Ndinayenda mpaka pokwerera thiramu, kasitima koyenda m'tauni. Panalibe munthu, koma nkhunda ndi mapepala onyowa. Ndinaimba foni.

"Akana," anatero mayi aang'ono. "Ali kuchipinda."

"Chonde, ingoikani foniyo pakhomo, inuyo muchokepo."

Ndinaona nsalu yotchinga pakhomo la chipinda chathu chija, ndinamva mapazi a mayi aang'ono akupita kutali.

"Agogo, ndine. Lero ndili ndekha. Onani."

Ndinazungulitsa foni pang'onopang'ono, ndinaonetsa njanji, benchi, nkhunda zija, msewu wopanda anthu. Sindinkadziwa ngati akuyang'ana.

"Dzulo ndinanama. Palibe amene wanena zotibweza. Mapepalawo sindipereka kwa munthu aliyense inu musanalole."

Kenako nsalu ija inagwedezeka, dzanja linatuluka n'kutenga foni. Sanaonetse nkhope. Ndinkangoona khoma.

"Munthuyo ali moyo?"

"Anamwalira kalekale, agogo."

"Nkhope yake waiona?"

"Eya."

"Usadzandionetse."

"Sindidzatero."

Ndinawamva akupuma. Za mapepala sananenepo kanthu, zoti andikhululukira sananenenso.

"Amuna anga wawasiyira ndani?"

"Bambo awo."

"Ameneyo amatha kuveka mwana? Adzamuveka malaya chakumbuyo." Kenako anafunsa, "Nanga iwe mano akugundana chonchi, juzi ulibe?"

"Ndaiwala, agogo."

"Ukadali chitsiru."

Thiramu inabwera, zitseko zinatseguka n'kutsekekanso. Ine ndinakhala pabenchi yonyowayo, foni ili m'manja onse awiri, kudikira kuti aitembenuze ndiwaone.