Ampulifaya Yomva Kuzizira ku Karonga

Alamu anga atabwera ndi ampulifaya yachikale ya gitala kuchokera ku Songwe, tinaiyatsa, ine n'kuliza gitala. Kunangoti zii. Tinazimitsa msanga poopa kuipsereza. Kwa masiku atatu tinkangoyatsa n'kuzimitsa. Tinasintha waya, tinapukuta timababu take tam'kati, mpaka alamu anaimenya mbama ngati wailesi yovuta.

Titatopa, tinaimanga panjinga kuchoka ku Hara kupita ku Chilumba, kwa msilikali wina wopuma ntchito amene ankakonza mawailesi. Mkuluyo anaiyatsa, n'kukhala pansi kuyamba kusenda nthochi. Ine mtima unali m'mwamba.

"Bambo, zimitsani, ipsatu!" ndinatero.

Iwo anangopitiriza kutafuna. Timababu tija tinayamba kufiira ngati makala. Atamaliza nthochi yachiwiri anandiuza kuti ndilize gitala, ndipo inabangula mpaka nkhuku za pakhomopo kubalalika.

"Siinafe," anatero mkuluyo. "Zamababuzi zimayamba zatenthedwa kaye, kenako n'kulira."

Alamu anapukuta thukuta pamphumi. "Kutentha konseku kwa Karonga, iyo ikumva kuzizira?"

Mpaka lero, tikamapita kokaimba, ine ndimanyamula gitala, alamu amanyamula nthochi ziwiri.