Kabedi Kotuwa

Phokosolo linali laling'ono, ngati mluzu wa ketulo imene yangoyamba kuwira: fwii, n'kuleka, fwii. Make Kabulashi analimva ali m'tulo, natambasula dzanja kuti agwedeze amuna ake, poti chifuwa cha a Kunsi ndicho chinkaimba chomwecho usiku ukakula. Koma a Kunsi anali gone chammbali, akupuma bwinobwino. Mluzuwo unkachokera pakabedi ka mwana.

Anayatsa tochi ya foni. Kabulashi, mwana wa miyezi isanu ndi inayi, anali maso tong'o, osalira. Akamakoka mpweya pakhosi pake pankalowa m'kati, ndipo milomo inali itatuwa. Chimene chinamuopsa mayiyo ndi kusalirako.

"Abambo ake, dzukani! Mwana uyu sakupuma bwino."

Anafika kuchipatala pa njinga, mwana ali kumbuyo kwa mayi ake. Anamwino anamulanda osafunsa zambiri, namuika kachubu m'mphuno. Kunja kukuyera, a Kunsi anaimirira pabenchi, akupotokola chipewa m'manja.

"Amake mwana, ndipite kudoko. Lero akupala chiwongolero cha sitima."

"Mwana ali chonchi, inu mukuti chiwongolero?"

"Chikapalidwa sichidikira munthu. Ndituma uthenga kwa achemwali ako abwere."

Anapitadi. Make Kabulashi anawayang'ana mpaka anakhota pageti, misozi osatuluka.

A Kunsi si dzina lawo lenileni. Anzawo anawapatsa chifukwa zaka khumi ndi ziwiri ntchito yawo yakhala ya kunsi kwa sitima, mbali imene wokwera saiona. Sitima ikakokedwa kumtunda, mimba yake imakhala itavala ndere, nkhono ndi dzimbiri. Ena amapala ndi makina mpaka chitsulo chiyere mbuu, kenako amaitana a Kunsi kuti apake penti woyamba uja, wotuwa, amene padoko amati pulayima. Penti ameneyu ndiye amatsekereza madzi kuti asafike pachitsulo, ndiponso ndiye amagwira penti wapamwamba. Akalakwika iyeyu, zonse zapamwamba zimasupuka ngati khungu la njoka.

Ntchitoyi anawaphunzitsa ndi amalume awo, amene anawatenga atangosiya sukulu. Malamulo a amalumewo a Kunsi ankawanena ngakhale pakudya, moti mkazi wawo anawaloweza asanaonepo doko. Chitsulo sichigona maliseche: chapalidwa lero, chipakidwe lero, apo ayi mawa chadzuka ndi dzimbiri. Chitsulo chotsukidwa sachigwira ndi dzanja, poti mafuta a m'chala amakaniza penti kumata. Pulayima amabwera m'zitini ziwiri, chachikulu ndi chaching'ono, ndipo ukangozisakaniza wayamba mpikisano, chifukwa pakapita maola owerengeka zimauma gwa m'chitinimo. Ulendo wachiwiri umapaka woyambayo akadali nyatanyata: udinde ndi chala chachikulu, chidindo chioneke koma penti asatsale kuchala. Amalumewo anamwalira chaka chimene awiriwa anakwatirana. Miyezi yawo yomaliza ankagona chokhala, atatsamira khoma, chifukwa akagona chagada mpweya sunkalowa.

Make Kabulashi anakwatiwa atalekeza folomu thuu. Anapeza chipinda chimodzi chodzaza ndi za kudoko. Mipando inali zitini za pulayima zovundikira, ndowa yotungira madzi inali chitini, chosambiramo mwana chinalinso chitini chodula pakati. Akapitawo ankagawa zitini zotha kwa anthu akuluakulu okha, ndiye kukhala nazo zisanu unali ulemu. Ndipo a Kunsi sankatha kuona penti wosakaniza akuuma pachabe. Akatsala pang'ono m'chitini, ankapalasa njinga ngati wothawa moto kuti akafike naye kunyumba asanalimbe. Chitseko anachipaka. Felemu ya zenera anaipaka, zenera n'kumatirira, osatsegukanso. Anthu a pamdadada ankaseka kuti nyumbayo tsiku lina idzayandama.

A Kunsi mwana ankamukonda mochititsa nsanje. Dzina loti Kabulashi anamupatsa ndi iwo, ati tsitsi lake linaima njo ngati bulashi yatsopano. Akangolowa madzulo, ovololo ili mbuu ndi fumbi, ankamunyamula asanasambe, kumugoneka pachifuwa, mwana n'kumaseka akamva mluzu wa m'chifuwamo.

Masabata atatu apitawo anabwera ndi kabedi kachitsulo ka mwana, kamene wina anataya kuseri kwa shopu ya kudoko. Kanali kofiira ndi dzimbiri. Madzulo awiri anakapala ndi sandipepala, kachitsulo kalikonse pakokha, nakatsuka ndi thina, mankhwala osungunulira penti, osalola mkazi wawo kukakhudza. Tsiku lachitatu anafika thukuta lili kamukamu, chitini chili pachiwongolero cha njinga. Kunja kunali mvula, ndiye anapakira m'chipinda momwemo, maulendo awiri, akudinda ndi chala.

"Aka adzagonapo ndi adzukulu ako," anatero. "Ungakaponye m'madzi zaka khumi, kadzatuluka chomwechi."

Fungo linakhala m'chipindamo, lokhala ngati likukanda kukhosi. Make Kabulashi analimva. Anaonanso kuti mwana, poti mano awiri anali atangotuluka, ankaimirira n'kumaluma chitsulo chapamwamba. Kawiri anamupukuta ndi kansalu timadontho totuwa m'kamwa. Anafuna kunena, koma akaona mmene bamboyo ankasisitira kabediko akamadutsa, mawu ankabwerera kukhosi. Amati tsoka silinunkha, koma ili linanunkha masabata atatu athunthu, iye ali chete.

Dzuwa litakwera, anamwino aja anabwera ndi kapepala. Anali mayi wamkulu, wa mawu okhuthala.

"Mayi, m'nyumba mwanu mumaphikira makala? Alipo amasuta?"

"Ayi, timaphikira panja. Sasuta."

"Bambo ake amagwira ntchito yanji? Ndamva fungo pa malaya awo aja usiku."

Make Kabulashi anafotokoza. Atayamba sanathenso kuleka: zitini, zenera, ovololo, kabedi. Anamasula kansalu m'thumba, naonetsa timadontho totuwa tija. Anamwino anatiyang'ana nthawi yaitali.

"Sindinganene kuti ndi penti yekhayu, mwana wanga. Zifuwa za ana zili ndi zoyambitsa zambiri. Koma ndikuuze ngati mayi mnzako: mwana uyu akachira n'kubwerera m'chipinda chomwecho, mudzabweranso kuno. Ndipo si ulendo uliwonse umene munthu amafika nthawi yabwino."

Achemwali ake atafika, anawasiyira mwana, iye n'kuyamba wapansi kupita kudoko. Chikwatiwire anali asanalowemo. Mlonda anamulola atamva kuti ndi wa kwa a Kunsi.

Sitima inali pamtunda, itakhazikika pa mitengo ikuluikulu, yaitali kuposa nyumba ziwiri zosanjikiza. Pansi pake panali mdima ndi chinyontho, fumbi lofiirira likuuluka. Kumbuyo kwake kunali pulopela yopalasa madzi, masamba ake aatali ngati munthu, ndi chiwongolero chachikulu ngati chitseko cha tchalitchi, chikunyezimira mbee. A Kunsi anali pomwepo, kansanza atamanga pamphuno, akukalipira wowotcherera zitsulo wina wamimba yaikulu.

"Iwe, dzanja lako lamafutalo wayika pati? Ndangotsuka pamenepo!"

"Aa, achimwene, ndangotsamira pang'ono. Chitsulo chimenechi ndi mkazi wanu kodi?"

"Mkazi wanga ndingakukhululukire, ichi ayi. Chala chimodzi chokha, penti sagwira. Kunja kuzioneka bwino, dzimbiri likudya m'kati, mudzadziwa sitima ili pakati pa madzi. Chokapo!"

"Ndiye mwamva, alamu," anatero wowotchererayo atamuona mayiyo. "Ati inu angakhululuke. Mwabwera kudzaona mkazi mnzanu?"

Anthu anaseka, koma ataona nkhope yake kuseka kunazima. A Kunsi anatsitsa kansanza kaja. Kuzungulira pakamwa pawo panali mzere wotuwa.

"Mwana?"

"Ali moyo. Akadali ndi kachubu."

Anapumira m'mwamba, koma dzanja silinaleke kutakasa m'chitini. Anali atasakaniza kale.

"Abambo ake, anamwino akuti ndi za m'nyumba mwathu. Fungo, fumbi la ovololo. Kabedi kaja."

"Kabedi katani?"

"Amakaluma. Penti amalowa m'kamwa."

"Bodza limenelo," anatero msangamsanga. "Penti wanga sasupuka. Funsa aliyense pano. Sitima zimapita zaka, kubwera, nkhono zitamera, koma wanga ali pomwepo. Ndiye asupuke ndi mwana?"

Make Kabulashi anatambasula kansalu kaja pamaso pawo. A Kunsi anaweramira, natenga kadontho kamodzi ndi chikhadabo, nakafikisa pakati pa zala. Penti wawo ankamudziwa ngati mmene mayi amadziwira kulira kwa mwana wake.

"Chitsulo ichi simulola munthu achikhudze ndi chala," anatero mkaziyo. "Ndakumvani ndi makutu angawa. Nanga mwana uja mumamunyamula ndi manja ati?"

A Kunsi anayang'ana manja awo. Anali osweka m'mizere, otuwa mpaka m'zikhadabo, chala chachikulu chakumanja chitalimba ngati chikopa. Akapitawo anakuwa chapatali kuti mitambo ikubwera. Mwamunayo anaviika bulashi.

"Ndimalize. Akauma m'chitini, chiwongolero chigona maliseche."

Mayiyo anaima pomwepo kuwayang'ana akupaka. Bulashi inkayenda mosathamanga, kulowa m'makona, kuzungulira mitu ya mabawuti, osasiya ngakhale kabowo ka nsonga ya singano. Kawiri anaima kutsokomola, atagwira bondo. Palibe anatembenuka, poti pansi pa sitimapo aliyense ankatsokomola.

Madzulo anakumana kunyumba, iye atabwera kudzatenga matewera. Anapeza chitseko chili pululu, zitini zonse zisanu zili panja. A Kunsi anali atagwada pakabedi, akuyendetsa chala pa chitsulo chapamwamba. Panali timizere tiwiritiwiri, tating'ono, kuyambira kumutu mpaka kumiyendo. Pena chitsulo chinkaonekera.

"Ndinapaka bwino," anatero osatembenuka. "Ndinatsuka kawiri. Ndinadinda."

"Munapaka bwino, abambo ake. Inenso ndinaona, sindinanene."

M'chipinda chopanda zitini munkamveka mluzu wa m'chifuwa chawo wokha.

"Siyani ntchitoyi," anatero mkaziyo. "Amalume aja munawaona mmene anathera."

"Ndisiye ndikatani? Zaka khumi ndi ziwiri ndili kunsi kwa sitima. Kumtunda kuno ndidziwako chiyani?"

"Ndiye mwana abwerere muno?"

A Kunsi anaimirira. Anatenga hamala, namenya felemu ya zenera katatu mpaka penti anang'ambika, zenera n'kutseguka koyamba m'zaka ziwiri. Mphepo inalowa, inagwedeza kansalu kotchinga pakona.

"Akatuluka m'chipatala mupite kwa achemwali ako, mukhale kumeneko mpaka muno musiye kununkha. Chitseko ichi ndichotsa mawa, felemunso, ndikapempha zamatabwa kwa eni nyumba. Chilichonse chochokera kudoko chisalowenso muno."

"Nanga inu? Inu simuchokera kudoko?"

"N'zimene ndikunena. Kuseri kwa sitolo ya penti kuli kachisakasa ka mlonda. Ndizigona mmenemo."

"Kuseri kwa penti? Ndi chifuwa chimenecho?"

"Changachi chinapita kale, amake mwana. Tisamale chinacho. Lamlungu lokha ndizibwera. Ndizisamba kwa achimwene, kuvala zovala zoti sizinaonepo doko. Ukanunkhiza n'kumva kanthu, usandipatse mwana, ngakhale ndikupemphe bwanji. Wamva?"

Make Kabulashi anagwedeza mutu. Anafuna kufunsa kuti mpaka liti, koma ankadziwa kuti sitima iyi ikabwerera m'madzi, kumbuyo kwake kuli ina ikudikira.

A Kunsi anatulutsa kabedi, nakamangirira pa kaliyala ya njinga ndi mphira. Anakunga bulangete limodzi ndi ovololo yawo ina. Anati kabediko akakapereka kwa wowotcherera uja akadule zidutswazidutswa mawa m'mawa, chifukwa akakataya kathunthu, wina adzakatola, adzaona kukongola kwake, n'kugonekapo mwana wake.