Buku la Mayi Tak ndi Maliro a ku Pohang

Mayi Tak Gye-sun anagulitsa nsalu mumsika wa Seomun ku Daegu kwa zaka makumi atatu ndi zinayi. Anzawo amumsika ankawaseka kuti munthu akamwalira mumzindawo, woyamba kudziwa ndi dokotala, wachiwiri ndi Mayi Tak. Pamaliro, paukwati, ngakhale paphwando la mwana wokwanitsa chaka, iwo sankasowa. Ankadziwa telala yemwe mkazi wake akudwala shuga, mwini fakitale yemwe mwana wake walepheranso mayeso, dalaivala wa lole yemwe sagwirizana ndi apongozi ake. Kudziwa anthu kumeneku n'komwe kunawachotsa pakatebulo kamodzi n'kuwafikitsa pa mashopu atatu.

Mawondo atayamba kukana masitepe, anasiyira mwana wawo wamkazi bizinesiyo. Bungwe la amalonda linayamba kumawaitana kuti azikalangiza ongoyamba kumene, ndipo tsiku lina atamaliza kuyankhula anawatsatira bambo wina wadazi, Ok Sang-cheol, mkonzi pakampani yaing'ono yosindikiza mabuku.

"Mayi, zomwe mwanenazi ndi buku lathunthu."

"Buku? Ine sukulu ndinalekezera panjira, bambo. Mukufuna anthu andiseke?"

"Inu muzingoyankhula, ine ndizijambula mawu. Zolembazo tithandizana."

Ankakumana Lachiwiri lililonse m'mawa kwa miyezi isanu ndi iwiri, m'kanyumba ka tiyi pafupi ndi msika. Mayi Tak ankafotokoza momwe munthu amayambira malonda alibe mpamba wokwanira, momwe amapepesera kasitomala, momwe amasungira dzina la munthu m'mutu. Ntchito ili pafupi kutha, Bambo Ok anabwera ndi mapepala atawapinda m'makona.

"Mayi, m'bukumu mawu oti 'mnzanga wina anandiuza' akupezeka malo oposa makumi anayi. Anzanuwo ndi ambiri, kapena ndi mmodzi?"

Mayi Tak anapukusa kapu yawo patebulo. "Ndi mmodzi."

"Bwanji tisamutchule dzina?"

"Sangafune."

Mnzawoyo anali Eom Bok-hui. Anadziwana ali atsikana, akugwira ntchito pafakitale yowomba nsalu, akugona chipinda chimodzi ndi atsikana ena asanu ndi mmodzi. Bok-hui anali wamkulu ndi zaka ziwiri, wamfupi, wapakamwa, ndipo Gye-sun ankamutchula achemwali. Ndi Bok-hui yemwe anaganiza zogula zidutswa zomwe fakitale inkataya n'kukaziyala mumsika. Gye-sun anali wamanyazi, kasitomala akamuyang'ana ankazyolika.

"Iwe, munthuyo si kambuku," ankatero Bok-hui, akumutsina pamkono. "Usamufunse kuti akufuna nsalu yanji. Mufunse ngati wadya."

Patapita zaka, Bok-hui anakwatiwa ndi mwamuna wowotcherera zitsulo za sitima zapamadzi, n'kusamukira ku Pohang, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja. Ankaimbirana foni pafupifupi tsiku lililonse, kukambirana za mitengo ya nsalu ndi kujeda amuna awo. Kenako mwamuna wa Bok-hui anagwa kuntchito n'kufera pomwepo. Uthenga unamupeza Gye-sun pabwalo la ndege, ali pamzere, akupita kunja kwa dziko, ku Guangzhou, kukakumana ndi wogula wamkulu yemwe anamusakasaka kwa zaka zitatu. Anaima pambali kanthawi, chikwama chili m'manja. Atamva akuitana okwera komaliza, anakwera. Kumaliro anatumizako mwamuna wake ndi nkhata yaikulu ya maluwa oyera.

Atabwerako anathamangira ku Pohang. Bok-hui anamutsegulira chitseko, namuyalira pokhala, namuthirira tiyi ndi manja awiri ngati mlendo wochokera kuboma.

"Mwavutika kubwera kutali konseku," anatero. "Tinaika Lachinayi."

Kuchokera tsiku limenelo foni ya ku Pohang sinayankhidwenso. Panadutsa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Buku linatuluka m'dzinja, lachikuto chobiriwira, chithunzi cha Mayi Tak chili kumbuyo atapinda manja monga anawauzira wojambula. Bungwe la amalonda linakonza mwambo muholo yake. Kunabwera anthu oposa mazana awiri, miphika ya maluwa inandandalikana mpaka pakhomo. Mayi Tak anali atatumiza kalata yoitanira ku Pohang pamodzi ndi buku limodzi, osalembamo kanthu kupatula dzina lawo. Posainira anthu mabuku, maso awo anali kukhomo. Chitseko chikatseguka, cholembera chinkaima. Analowa matelala, eni mafakitale, ngakhale dalaivala wa lole uja ali ndi ndodo, koma mayi wamfupi wa ku Pohang sanaoneke.

"Mayi, mwasangalala?" anafunsa Bambo Ok, anthu akubalalika.

"Kwambiri," anayankha, n'kupempha kuti awaitanire takisi.

Patatha milungu itatu, wa positi anabweretsa phukusi. Munali buku lomwe lija, koma litafufuma ngati lanyowa. Mayi Tak anavala magalasi, nakhala pansi pafupi ndi zenera. Pafupifupi tsamba lililonse linali ndi zolemba za pensulo m'mbali, zilembo zopendekera za Bok-hui zomwe anazizindikira asanawerenge.

"Bodza. Tsiku limeneli kunagwa mvula, ndipo amene analira ndiwe."

"Zidutswazo tinagula matumba awiri, osati anayi. Ukukokomeza ngati amayi ako."

"Izi ndinanena ndine, koma sindinanene mwaulemu chonchi."

Mayi Tak anaseka mpaka kutsokomola. Anawerenga osadya nkhomaliro. Atafika pamutu wachisanu ndi chiwiri anayamba kuwerenga pang'onopang'ono, chifukwa ankadziwa zomwe zinali pamenepo. Anali atalemba kuti ukwati munthu ukhoza kutumizako wina, koma maliro umapita ndi mapazi ako. Bok-hui anadula mzere kunsi kwa mawuwo, mwamphamvu mpaka pepala kutsala pang'ono kubooka. M'mbali sanalembemo chilichonse. Patsamba lotsatira anapitiriza kukonza mitengo ya nsalu ngati palibe chomwe chachitika.

M'mawa mwake Mayi Tak anakwera basi ya ku Pohang, bukulo lili m'chikwama. Anafunsa mumsika wa nsomba, ndipo sipanatenge nthawi: aliyense ankamudziwa mayi wamfupi wogulitsa nsomba zouma, amene amafunsa munthu ngati wadya. Anamupeza atakhala pakampando, tsitsi lonse litayera, akumanga nsomba m'mitolo ya khumikhumi.

"Achemwali."

Bok-hui anakweza maso, nawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Pachithunzi paja anakuchotsa makwinya. Unawalipira zingati?"

"Sindinawauze ine, anangochita okha."

"Usaime pamenepo, ukutchingira makasitomala. Khala apa. Khumi pamtolo, mitu mbali imodzi."

Mayi Tak anakhala pabokosi, jekete lawo labwino likukhudza pansi ponyowa, n'kuyamba kumanga. Panjira yonse anali atakonza mawu, koma nthawi iliyonse akati ayambe, pankabwera wogula. Masana Bok-hui anaitanitsa mbale ziwiri za mpunga ndi msuzi wa nsomba, nakankhira kimchi, kabichi wowawasa wa tsabola, kumbali ya mnzakeyo.

"Achemwali, za tsiku lija..."

"Idya, zizizira."

"Ndinalakwa."

Bok-hui anatafuna nthawi yaitali, akuyang'ana anthu odutsa. "Masiku atatu onse a maliro aja ndinkayang'ana kukhomo," anatero. "Anthu ankaganiza kuti ndikulira mwamuna." Anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja, n'kuimirira kukalandira mayi wina yemwe ankafunsa mtengo wa nsomba zouma.

Nkhaniyo sanaibwerezenso. Dzuwa litapendeka Bok-hui anawakulungira nsomba m'nyuzipepala, nawauza kuti akadzasindikizanso bukulo akonze mabodza onse aja, ndipo dzina lake alilembe bwinobwino, asalakwitse.

Bukulo silinasindikizidwenso. Linagulidwa ndi amumsika ndi abale awo, otsalawo ali m'makatoni m'nyumba yosungiramo nsalu. Bambo Ok amati mabuku a zamalonda amatuluka ambiri mwezi uliwonse, ndipo anthu amakonda olembedwa ndi eni makampani akuluakulu a kulikulu, ku Seoul.

Mayi Tak tsopano amapita ku Pohang Lachinayi loyamba la mwezi uliwonse. Amamanga nsomba, amadya, amatsutsana za zaka zomwe zinthu zinachitika, n'kukwera basi ya madzulo zovala zikununkha mchere. Bok-hui sabwera ku Daegu, ndipo saimba foni. Mwana wa Mayi Tak amadandaula kuti mawondowo sadzachira ndi maulendo amenewa, ndipo anadzipereka kuti aziwaperekeza pagalimoto. Iwo anakana. Amati pabasi amakhala ndi nthawi yokumbukira zinthu zoti akafunse achemwali awo.