Masiku Asanu M'chitokosi Chifukwa cha Mizu ya Munkoyo

Anabwera Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Okutobala chaka cha 2023, ndikutsuka zigubu kuseri kwa nyumba. Anali apolisi awiri pa njinga yamoto imodzi, mwamuna ndi mkazi. Wamkaziyo anandifunsa ngati ndine mayi wofulula munkoyo uja. Nditavomera, anati nditenge chitenje china ndi mizu yonse yotsala. Ndinafunsa ngati ndibwerako tsiku lomwelo. Iye anayang'ana nkhuku zanga, nati ndiuze wina aziziwazira gaga.

Mayina sinditchula. Ena mwa anthu a m'nkhaniyi timakhalabe nawo benchi limodzi m'tchalitchi.

Ndafulula munkoyo, chakumwa chathu chonga thobwa, kuyambira ndili mtsikana, ndipo ndinkagulitsa m'mbali mwa msewu waukulu pafupi ndi Chinyunyu. Sindidzitama, koma madalaivala a malole ankadutsa amayi anayi kuti aime pa ine. Ntchitoyi ili ndi choopsa chimodzi. Mizu imene timasinja n'kuviika m'phala kuti lisungunuke ili ndi inzake yofanana nayo, koma yakupha. Amayi anga anandiphunzitsa kuisiyanitsa: umathyola muzu, kuununkhiza, kenako kutafuna pang'ono. Pofulula palinso mwambo wake. Usanapatse munthu, umayamba wamwa iwe mwini iye akuona, kuti amwe mtima uli m'malo.

M'nyengo yozizira ya 2021 korona inatigwira tonse awiri, ine ndi amuna anga. Kuchipatala tinapita awiri, ndinabwerako ndekha. Ndinabwera ndi befu, woti ndikatunga chidebe chimodzi ndipume katatu, komanso ndi mphuno yakufa. Ndinazindikira tsiku lina ndikudutsa pa akasupe otentha a pa Chinyunyu. Fungo lija la dzira lowola, limene alendo amatseka nalo mphuno, linalibe. Ndinaima pa nthunzi pomwe, ndikukoka mpweya ngati galu, koma osamva kanthu. Patapita miyezi lilime linadzuka, koma linadzuka lopenga. Nyama inkandimvekera yowola, anyezi chimodzimodzi, ndipo munkoyo wanga womwe unkakhala ngati madzi a m'mgolo wa dzimbiri. Ndikameza, mseru.

Sindinauze munthu. Ndani angagule chakumwa kwa mayi wosamva fungo? Ndinali wamasiye wa ana asukulu, ndipo ndinali wonyada, izi ndisabise. Mizu ndinayamba kuizindikira ndi maso, poyang'ana masamba. Mwambo wolawa ndinausandutsa sewero: kukweza kapu, kunyowetsa milomo, kupukuta pakamwa. Ndinachita zimenezi zaka ziwiri, ndikudziona wochenjera.

Koma mu Okutobala tchire limakhala litapsa, masamba kulibe. Ndinakumba pamalo pamene ndinkakumba kale, ndikudalira chikumbumtima cha mapazi. Loweruka, masiku atatu apolisi aja asanabwere, amuna asanu anabwera kudzandifolera khitchini, ndipo mmodzi anali alamu anga, akulu a malemu amuna anga. Ndi iwo tinali titakangana chaka chonse za dimba la kumtsinje. Anabwera chifukwa akulu a mpingo anatiyanjanitsa. Ndinawapatsa munkoyo dzuwa lili pamutu. Anayi anasanza n'kutsekula m'mimba, nachira. Alamu, amene sakhuta ndi kapu imodzi, anawanyamulira kuchipatala cha mishoni ku Mpanshya asakudziwa kanthu.

Kupolisi anandikhazika pansi pa simenti. Wofunsa mafunso anali bambo woonda, wolankhula motsitsa, wokonda kugogoda tebulo ndi cholembera. Anafunsa za dimba. Anafunsa za imfa ya amuna anga, ngati kuti nayonso ayiunikenso. Kenako anafika pamene ankapita.

"Manje amai, bantu faifi badwala. Imwe mweka muli bwino. Munamwa olo simunamwe?"

Ndinati ndinamwa.

Anatembenuza pepala. Akazi a alamu anga, anatero, anali pomwepo akutola udzu, ndipo anaona kapu ikufika pakamwa panga koma khosi silinagwedezeke. Mayiwo anati akhala akuona zimenezi kwa nthawi yaitali. Ine ndinkati ndikupusitsa mudzi, pamene mayi ameneyo ankandiwerenga pakhosi.

Ndinaumirira bodza langa tsiku lonse. Madzulo wapolisi wina amene sanali wofunsa uja anandithandiza kukumbukira ndi dzanja, kawiri. Khutu lamanzere linalira mpaka Lachinayi.

M'chitokosi munali amayi atatu ndi ndowa imodzi yodzithandiziramo pakona. Kunja kunali kutentha kwa Okutobala, ndipo denga linali la malata. Atatuwo anaunjikana pachitseko, pamene pankalowa kampweya, atamanga zitenje kumphuno. Malo otsala anali pafupi ndi ndowa, ndipo ndinakhala pomwepo n'kutambalitsa miyendo. Atatibweretsera chakudya ndinadyera pomwepo. M'mawa ndinanyamula ndowa kukataya, nkhope ili chimodzimodzi.

Anasiya kulankhula ndikayandikira. Wamkulu pakati pawo, mayi wogulitsa makala amene anamugwira ndi matumba opanda chilolezo, ankandiyang'ana cham'mbali. Poyamba anaganiza kuti andiika muja kuti ndizimvetsera zokamba zawo. Atamva mlandu wanga anasintha maganizo, nayamba kugona atatsamira khoma, maso ali kwa ine. Madzi ake ankawabisa kumbuyo. Nanenso sindinamukhulupirire, chifukwa ankatuluka kawirikawiri kukasesa ofesi. Lachitatu masana analephera kupirira.

"Ba mayo, imwe ndimwe muntu? Ise tikufa na fungo, imwe mwankala monga muli mu tchalitchi."

Ndinamuuza. Munthu woyamba kumva chinsinsi changa cha zaka ziwiri anali mayi amene ankandiyesa mfiti. Sanandimvere chisoni. Anangoti ndine chitsiru, chifukwa ndikusankha mlandu wakupha dala pofuna kuteteza malonda amene afa kale.

Lachinayi m'mawa anatiuza kuti alamu akadali chikomokere. Wapolisi wamkazi uja ananena akutsegula loko, osandiyang'ana: "Mupempele bauke. Bakafa, nkani izasintha." Ndinachita mantha amene sindinawamvepo ngakhale pa bedi la korona. Ndinapempha kuonana ndi wofunsa uja, ndipo ndinaulula zonse: mphuno, lilime, sewero la kapu, tchire lopsa.

Anaseka. Anati korona inatha kalekale, anthu anavula zotseka pakamwa, ine ndekha ndikuisungabe m'mphuno? Anandimanga chitenje kumaso, nayamba kundibweretsera zinthu pafupi ndi nkhope. Ndinamva kuzizira kwa botolo pamlomo, kenako nsalu yonyowa. Pa chilichonse ndinati sindikumva. Atandimasula ndinaona parafini, sopo ndi nsomba youma zili patebulo. Iye anati kunena kuti sukumva ngakhale mwana angathe. Ananena zoona. Munthu angaonetse bala, koma fungo limene kulibe ungalionetse bwanji?

Amene anandithandiza ndi mayi wamakala uja. Akusesa ofesi anauza apolisi kuti parafini munthu anganamizire mphindi imodzi, koma palibe wamoyo angadyere pambali pa ndowa ija masiku atatu mongoyerekeza. Wapolisi wamkazi anavomereza kuti nayenso ankadabwa. Apolisi anatumiza uthenga kuchipatala, ndipo kunachokera yankho loti ndinagonadi kumeneko ndi korona, komanso kuti alipo ena amene fungo silinawabwerere. Mizu imene ndinabwera nayo anaionetsa kwa mayi wina wofulula. Mayiyo anathyola umodzi, naununkhiza kamodzi, n'kuutaya kutali. Iwiri mwa mizu yanga inali yakupha.

Alamu anatsegula maso Lachisanu madzulo. Loweruka m'mawa, atatha kulankhula, anati safuna mlandu ndi mkazi wa mng'ono wawo. Sananene kuti andikhulupirira. Apolisi anandisainitsa pepala, nandibwezera chitenje ndi nsapato. Wofunsa uja anandiperekeza ndi mawu awa: "Yendani. Koma moto wa munkoyo musakasonkhenso."

Sindinausonkhenso. Tsopano ndimagulitsa tomato, amene maso okha amakwanira. Kunyumba ndinapeza khitchini yofolera theka, ndipo inakhala choncho mpaka mvula. Anthu ankandipatsa moni bwinobwino, koma pamaliro ankandipatsa ntchito yotola nkhuni, kutali ndi miphika. Ena ankati za mphunozo ndinapeka m'chitokosi. Sindinawakwiyire kwambiri, pakuti nanenso manja anga ndinali nditasiya kuwakhulupirira. Chitseko cha polisi chinatseguka tsiku limodzi, koma kukayikiridwa sikukhala ndi loko woti wina akutsegulire.

Patapita milungu itatu, mapemphero a mphakati wathu anagwera kunyumba kwa alamu. Ndinalingalira zosapita, koma kusapita kukanayankhula zambiri. Alamu anakhala pampando ataonda. Titatha kupemphera, akazi awo anatulutsa chidebe cha munkoyo, namwa kapu yoyamba pamaso pa onse, n'kuyamba kugawa. Ine anandidumpha. Analowa m'nyumba, natuluka ndi kapu ina yothira kale, n'kundipatsa ndi manja awiri. Imeneyo sanalawe.

Ndinayang'ana m'kapumo. Munkoyo ngati munkoyo wina uliwonse. Mayiyu anatsala pang'ono kukhala wamasiye chifukwa cha ine, ankadziwa kuti mphuno yanga singandichenjeze, ndipo chimene anathira m'nyumbamo anachidziwa yekha. Ndinamuopa, ndinene zoona. Ndinaganiza za ana anga. Ndinaganizanso za anthu onse amene anamwa m'manja mwanga zaka ziwiri, akukhulupirira milomo yonyowa.

Ndinakweza kapu, ndinakwezanso chibwano kuti khosi lionekere. Ndinameza katatu. Dzimbiri lija linakwera, ndinalibweza pansi.

Iye anaima pomwepo akuyang'ana khosi langa. Kenako anatenga kapuyo m'manja mwanga, namwa wotsalawo mpaka pansi, n'kupukuta pakamwa ndi chitenje.

"Shuga yachepa," anatero. "Imwe simungazibe."