Jekete Langa ndi Magazi a Che Amidu

Lachiwiri ndinachita zopusa. Pochokera kudoko ndinamanga milamba yowamba kumbuyo kwa njinga, ndipo dzuwa litandiwotcha ndinavula jekete n'kulisanjika pamwamba pa nsombazo. Pofika kunyumba msana wonse wa jeketelo unali mafuta okhaokha.

Jekete ndili nalo limodzi, ndipo Loweruka ndinali nkhoswe pa ukwati wa mwana wa mlongo wanga. Mayi akunyumba anangoliyang'ana n'kunena kuti, "Apa sopo sangathe. Pitani kwa Che Amidu."

Che Amidu anakhalitsa ku Halale, kochapa masuti a azungu. Kuno kwa Mwambo ndi okhawo ochapa chovala popanda madzi. Amachapira benzini: woyera ngati madzi, koma mukadonthetsa padzanja amazizira n'kuuma nthawi yomweyo.

Anandilowetsa m'kachipinda kopanda zenera n'kutseka chitseko.

"Mphepo imandibera mankhwala, Aphunzitsi," anatero. Kenaka anandigwirizira botolo pamphuno. "Nunkhizani. Weniweni uyu, wosasakaniza ndi palafini."

Ndinanunkhiza. Fungo lake ndi lotsekemera, sindinama. Iwonso anakoka mpweya wautali kuti andionetse, monga amachitira ndi aliyense wobwera ndi chovala. Atatero anaviika manja m'beseni, ndipo mafuta a milamba aja anangosungunuka ine ndikuona.

Za moto amazidziwa bwino. Simbi yamakala yositira imakhala kutali, kukhitchini. Anandiuza kuti mpweya wa benzini ndi wolemera, umakwawa pansi mpaka ukapeze moto, ndipo akayaka madzi sathandiza chifukwa benziniyo amayandama pamwamba pa madziwo n'kumayakabe.

Koma ine mutu unayamba kundiwawa. Ndinaonanso zina. Zala zawo zinali zotuwa ndi zong'aluka. Kawiri konse anakhala pansi kuti apume. Ataseka, m'nkhama munali magazi.

"Mukudwala, Che Amidu?"

"Kutopa basi. Ena akuti alipo wandichita nsanje."

Loweruka jekete linawala. Amuna atatu anandinunkhiza paphewa n'kufunsa kumene ndinachapitsa, ndipo ndinawalozera njira monyadira. Madzulo ake ndinakamba nkhaniyi kwa alamu anga, amene amathandiza madokotala kuchipatala ku Zomba. Iwo sanaseke.

Anandifotokozera kuti benzini amachokera ku malasha, ndipo ntchito yake ndi kusungunula mafuta. Sasankha kuti awa ndi a mlamba, awa ndi a munthu. Amalowa ndi mpweya, amalowanso pakhungu, mpaka akafike m'kati mwa mafupa mmene magazi amapangidwira. Munthu amayamba kutuwa, kufooka, kutuluka magazi osaleka. "Ameneyo abwere timuone msanga," anatero, "ndipo asiye kupuma zimenezo."

Ndinachita manyazi, ndinachitanso mantha.

Taganizani, awerengi. Ife a kunyanja timagula ndi mphuno. Nsomba yagona kapena ndi ya lero, imatiuza ndi mphuno. Madzi a pachitsime akaipa, mphuno. Tinakula tikudziwa kuti choipa chimanunkha, chabwino chimanunkhira, ndipo nzeru imeneyi inasunga makolo athu. Koma zinthu zikubwera m'zitini masiku ano sizikudziwa lamulo limenelo. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Si Che Amidu okha. Ndani wa ife sanapakepo solushoni pachubu cha njinga ndi chala, nkhope ili pakachitini? Alamu akuti fungo lija ndi la mtundu womwewo. Zolembedwa pachitini zili m'Chingerezi, ndipo ife odziwa kuwerenga tili kalikiliki kununkhiza ngati wina aliyense.

Lolemba nditaweruka kusukulu ndinabwerera kwa Che Amidu kukawauza mawu a alamu aja, n'kuwapempha kuti azichapira pabwalo kapena asiyiretu. Anandimvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza.

"Ndamva, Aphunzitsi. Koma ndikachapira pabwalo, botolo la mwezi litha sabata imodzi. Ndikasiya, khasu sindingalithe, ngalawa sindingapalase. Mwandiona mmene ndilili."

Tinakambirana nthawi yaitali. Anavomera kuti Lachinayi ndiwakweze panjinga kupita kuchipatala. Za chitseko anangoti aganiza.

Potuluka ndinaona majekete atatu atapachikidwa pamsomali, akudikira beseni. Ndinawazindikira onse. Eni ake ndinawalozera njira ndine, ndili ndi jekete lonunkhira paphewa.

Mwina jekete lanu ndilo lachinayi, mwalipinda kale kuti mupite nalo mawa. Kodi banga limenelo likukuwawani motani, kuti munthu alichotse ndi magazi ake?