Koko ndi Polishi wa Amake Misozi

Lachitatu lapitali ine, munthu wa imvi mutu wonse, ndinagwada pabalaza la nyumba yanga kuno ku Kafue Estates, mphuno pansi, ndikununkhiza simenti. Mnansi wanga, bana Mutinta, kapena kuti amake Mutinta, anandipeza choncho atabwera kudzabwereka sefa. Anaima pakhomo, manja m'chiuno.

"Bashi Misozi, mwalowa chalichi chatsopano? Uku ndiye kupemphera kwa manje?"

Bashi Misozi ndiye ine, atate ake Misozi, ndipo sindinali kupemphera. Ndinali kufunafuna chimene chimakoka kagalu kuti tsiku ndi tsiku kazikodza pamalo amodzimodzi.

Kagaluko anabwera nako ndi mwana wanga Misozi, amene amagwira ntchito ku Lusaka. Masabata atatu apitawo anatsika minibasi atanyamula kadengu kophimbidwa ndi chitenje. Ine ndinkati muli mabanzi. "Atate, nakubweletselani munzanu," anatero. "Muleke kukamba na wailesi." Nditavundukula ndinaona kanthu koyera, ubweya wokhawokha, kosaposa buledi mmodzi. Dzina lake ati Koko. Ndipo lamulo linali loti kazigona m'nyumba, chifukwa panja kangafe ndi mphepo, kapena kabawi angakanyamule poyesa ndi mwanapiye.

Galu m'nyumba! Inu anzanga a msinkhu wanga, tinayamba liti zimenezi?

Ine ndinakulira ku Chanyanya, kumtsinje. Tinali ndi galu wathu Mulekeni, wofiirira, khutu limodzi long'ambika. Ankadya mitu ya nsomba ndi mkute wa nshima, ankagona pansi pa bwato lakale limene atate analitembenuza kuseri kwa nyumba. Pakhomo ankafika, nkuika chibwano pamiyendo, osalowetsa ngakhale chikhadabo. Ndani anamuphunzitsa kokodzera? Palibe. Ankangonyamuka kupita kumabango, nkubwerako nkhani yatha. Ndinakula ndikudziwa kuti galu amabadwa ndi nzeru zake zonse.

Koko sikanabadwe nazo. Tsiku loyamba kanayendayenda pabalaza, kununkhiza apa, kununkhiza apo, kenako kananjuta pansi pa zenera loyang'ana kumsewu. Nyumba yonseyi, zipinda zitatu, khitchini, khonde, iko kanasankha pamenepo.

Ndiyenera kukuuzani za malo amenewo, apo ayi muziti nkhalambayi yapenga.

Pansi pa zenera limenelo ndi pamene pankakhala makina osokera a mkazi wanga, amake Misozi, aja opalasa ndi mapazi. Anatisiya zaka ziwiri zapitazo. Pogawa katundu makinawo anatenga ndi mng'ono wawo, ndipo sindinatsutse, poti nayenso ndi wosoka. Atawanyamula, pa polishi wofiira panatsala timaenje tinayi, pamene pankaponda miyendo yachitsulo ya makinawo. Ndizo zokha zimene zinatsala pabalaza zonena kuti munthu ankakhala apa.

Inu amene munabadwira pa matailosi simungamvetse kuti polishi wofiira anali chiyani muno mu Estates. Loweruka m'mawa msewu wonse unkanunkha polishi. Sayirini ya kufakitale isanalire nkomwe, amayi anali atagwada kale pamakonde, zitenje m'chiuno, wailesi pazenera. Ukatha kupaka umadikira kuti aume, kenako burashi pansi pa phazi, uku ndi uku, ngati ukuvina. Ana ankawakhazika pa chisaka nkumawakoka kuti pansi pawale, iwo akuseka mpaka misozi. Ndipo unali mpikisano ndithu, ngakhale palibe ankaunena. Mayi ankatha kupita kwa mnzake kukapempha mchere ali ndi mchere wake kunyumba, cholinga akaone ngati khonde la mnzakeyo likumuposa.

La amake Misozi silinkaposedwa. Zaka zija zinthu zinkasowa m'mashopu, iwo ankatolera tizidutswa ta makandulo, kusungunula m'chitini, kuthira palafini ndi ufa wofiira uja amisiri amasakaniza ndi simenti, polishi nkutuluka woposa wogula. Ine ndikamachokera kuntchito ndinkavulira nsapato pa sitepe ngati mlendo. Ndikaiwala ndinkamva mawu kuchokera kumakina, osatembenuka nkomwe: "Atate ake Misozi, bwererani."

Iwo atapita, ntchitoyo ndinaitenga ine. Loweruka lililonse ndimapaka. Pa timaenje paja ndimadutsa ndi chala chokulunga kansanza, pang'onopang'ono, kuopa kutikwirira. Chimene sindinachitepo ndi chimodzi. Iwo chaka chilichonse Khirisimasi ikamayandikira ankachotsa polishi yense wakale ndi palafini mpaka simenti kuonekera, nkuyambanso mwatsopano. Ine ayi. Pansi pa polishi wanga panali polishi wawo, wopakidwa ndi manja awo, ndipo ndinalumbira mumtima kuti ameneyo sadzachoka ndili moyo.

Ndiye Koko kakakodza ndinkatani? Kupukuta msanga, kenako kupaka polishi pamwamba kuti pasaoneke banga. Mawa lake kabwereranso. Ndinkakalipa mpaka mawu kusasa. Tsiku lina ndinakakwapula ndi nyuzipepala yopinda, yomweyi mukuwerengayi, ndipo ndikhulupirira ndi tsamba lomwe ndimalembapoli limene linakafika pamsana. Chimene kanaphunzira ndi chakuti mdala uyu ndi woopsa. Kanayamba kundidikira kuti ndilowe kubafa, kachite zake, kenako kakabisale kuseri kwa sofa.

Lolemba m'mawa ndinapondapo nditavala masokosi oyera, ndikupita kumsonkhano wa anthu opuma pantchito. Ndinaimbira Misozi pomwepo.

"Loweruka ubwere udzatenge chinthu chakochi. Chikuwononga malo a amayi ako."

"Chabwino, Atate. Kuli munzanga ku nchito anali kukafuna. Nizabwela na kadengu."

Basi, foni nkuduka. Ndinayembekeza kuti andichonderera, ine ndikane kawiri, kachitatu ndivomere monyinyirika, monga timachitira akuluakulu. Mwanayu anatengera amake, sachonderera munthu.

Ndinakhala pa sofa, kumsonkhano osapitanso. Patapita kanthawi Koko kanatuluka kuseri kuja, kakuyenda chokwawa, nkudzagona paphazi langa lopanda sokosi. Kanali kofunda. Ndinazindikira kuti masabata atatu amenewa sindinakangane ndi wailesi ngakhale tsiku limodzi, kuti m'mawa ndimadzuka chifukwa pali wina akukanda chitseko, kuti ndikabwera kumsika pamakhala wondithamangira. Mtima unandipweteka, anzanga. Sindinafune kuti kapite, koma sindinafunenso kuti malo aja aziipitsidwa.

Ndimo mmene bana Mutinta anandipezera Lachitatu, mphuno pansi. Mayi ameneyu amagula nsomba ku Chanyanya nkumagulitsa pamsika wa m'tauni, ndipo pakamwa pake sipadutsa ntchentche. Nditawafotokozera, anavula patapata, nkugwada, nkukanda pansi ndi chikhadabo. Panatuluka phala lofiira lakuda.

"Iyai, bashi Misozi! Imwe mupaka polishi pamwamba pa mikozo?"

"Kuti pasaoneke banga."

"Banga siioneka, inde, koma fungo mwaisungila mukati. Imwe simuimvela, koma aka kaimvela. Kakabwela apa kaziba ati ndiye chimbuzi chake, na imwe mwakapakila polishi bwino bwino. Ine nigulitsa nsomba, nimvelani. Dishi ya nsomba siuvinikila, umasuka."

Anandiwerengera zochita. Kuchotsa polishi yense pamalopo ndi palafini, kutsuka ndi madzi otentha ndi sopo, kenako viniga, nkusiya paume. Kagaluko kukatulutsa panja kakangodzuka, kakangodya, kakangotha kusewera, nthawi zonse pamalo amodzi. Kudikira pomwepo mpaka kachite. Kakachita, kukayamikira ndi kukapatsa kansomba kamodzi ka kapenta. Kumenya ayi. "Kachikhodzodzo kake ni kang'ono monga ka ndimu. Mwana wa miyezi iwili mungamumenye ati wanyowetsa thewela?"

Ndinawaonetsa timaenje tija. Ndinati ndikakwecha apa, izi zipita, ndi polishi wa mnzawo apita.

Bana Mutinta ndi amake Misozi anali a bwalo limodzi la amayi kutchalitchi, ndipo ndi iwo anaphika pamaliro. Atayankhula, mawu anali otsika.

"Bana Misozi akanaona iyi doti mwaunjika apa, sembe akupilikitsani na burashi mpaka ku sitesheni ya sitima. Uyu si polishi wao, ni mantha yanu. Sankhani, bashi Misozi. Koma aka kali moyo." Anatenga sefa nkumapita.

Ndinawakwiyira tsiku lonse. Munthu wobwereka sefa angabwere kudzandiweruza m'nyumba mwanga?

Koma tanenani zoona, ndi nyumba zingati muno mu Kafue zili ngati yanga? Ndikudziwa mnzanga wina amene chipinda cha malemu mwana wake chili chokhoma mpaka lero, pamene adzukulu atatu akugona pabalaza. Ndikudziwa mayi wina amene makapu a malemu amuna ake ali m'kabati yagalasi, iye akumwera tiyi m'kapu yapulasitiki yothyoka chogwirira. Sindikuwaseka, ndine mmodzi wa iwo. Pamaliro timadziwa kulira, timadziwa kuphika, timadziwa kugawa zovala. Chimene palibe amatiphunzitsa ndi tsiku lotsegula zenera ndi kusuntha mpando. Ndiye timangopukuta fumbi chaka ndi chaka, wamoyo akalowa timamuuza kuti ayende chammbali.

Lachinayi ndinagula palafini pa kantemba, kashopu ka pakona. Koko ndinakatsekera kukhitchini. Ndinagwada, ndinathira, ndinayamba kukwecha ndi burashi yawaya.

Maondo a munthu wa msinkhu wanga si ogwadira simenti. Polishi wanga anachoka msanga, wamatope, wonunkha zimene bana Mutinta ananena. Pansi pake panatuluka wina wosalala, wofiira bwino, wopakidwa mopyapyala ndi munthu wodziwa ntchito yake. Pamenepo dzanja linaima. Ndinalira, sindibisa. Ndinalira ngati tsiku lija ku manda, burashi ili m'manja, kagalu kakulira nawo kukhitchini. Kenako ndinapukuta mamina nkupitiriza, mpaka madzi a m'ndowa anafiira.

Nditatsuka ndi viniga ndinatsegula mazenera nkukakhala pakhonde, osafuna kuona. Dzuwa litapendeka ndinalowa. Pansi pa zenera panali chigamba chotuwa cha simenti yopanda kanthu. Ndipo timaenje tinayi tija tinali pompo.

Timaenjeto sitinali mu polishi ayi. Tinali mu simenti yeniyeniyo. Zaka zonse zija akupalasa, mayunifomu a ana a sukulu, madiresi a akwati, zigamba za maovololo anga, chitsulo chinkadya simenti pang'onopang'ono. Ine zaka ziwiri ndakhala ndikutetezera ndi chala chinthu chimene ngakhale burashi yawaya yalephera kuchichotsa. Ndinaseka ndekha ngati chitsiru.

Lachisanu m'mawa ndinanyamula Koko kupita nako pansi pa mtengo wa gwafa, kapenta m'thumba la shati. Kananunkhiza, kanathamangitsa tsamba, kanaluma lamba wa patapata yanga. Ine chiimire. Anthu opita kukakwera minibasi za ku Lusaka ankadutsa nkumandipatsa moni mondikayikira. Ndili chidikirire, ndinangomva pakamwa panga pakutuluka kamluzu: "Sss, sss, sss." Ndi mmene amake Misozi ankachitira akamukhazika Misozi pamapazi awo m'mawa, ali wakhanda. Sindinadziwe kuti ndinkakumbukirabe.

Koko kananjuta.

Ndinaomba m'manja, ndinafuula kuti "Wachita bwino, mwana wa mfumu!" Mtsikana wina wovala suti, Baibulo kukhwapa, anachita kuima pageti nkuyankha kuti ameni. Kapenta ndinakapatsa atatu m'malo mwa mmodzi.

Musaganize kuti kasanduka mngelo. Masana omwewo kanachita ngozi pakhomo la khitchini, koma wolakwa ndinali ine, ndinatengeka ndi nkhani za mpira kakuzungulirazungulira kundiuza. Ndinapukuta, ndinatsuka ndi viniga, pakamwa ndinatseka. Pansi pa zenera paja sikanabwererepo kudzakodza. Kamangopita kukagona, chifukwa simenti yopanda polishi imafunda bwino dzuwa likalowa pazenera.

Nanga inu, m'nyumba mwanu ndi pati pamene mukupakabe pamwamba, osafuna kuona chimene chili pansi?

Dzulo Loweruka Misozi anafika ndi kadengu kake. Atalowa anaima, maso pa chigamba chotuwa chija, Koko kali chigonere pakati pa timaenje tinayi. Anagwada, nkuika chala m'kaenje kamodzi.

"Apa ndiye ninali kugona amama akasoka," anatero. "Ninali kukonda kulila kwa makina."

Kenako anadzuka, anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, nkukweza kadengu kaja.

"Manje, Atate, Koko nikatenge?"

Ndinamulanda kadenguko m'manja.

"Aka usiye," ndinatero. "Ndiziikamo anyezi."